Mano Amene Ndinasankhira Amuna Anga

1

Amuna anga ali ndi mano okongola kuposa mwamuna aliyense pa Kamwendo. Ndi oyera, olingana bwino, ndipo pakati pa awiri akutsogolo pali kampata koti njere ya mpunga ikhoza kudutsa osakhudza mbali. Amayi anzanga a mu kwaya amandiuza kuti ndili ndi mwayi. Ine ndimangoti zikomo mtima ukuwawa, chifukwa mano amenewo ndinasankha ndine, ndipo limeneli ndi tchimo lomwe sindinaululepo ngakhale kwa ansembe. Maina ndasintha, choncho musavutike kubwera tsiku la msika kudzasuzumira amuna a eni m'kamwa.

Munditchule Filomena. Kwathu ndi kufupi ndi mishoni ya Guilleme. Amuna anga ndi a Kefasi Ngwenya, Mngoni wa kwa Mlonyeni, dalaivala wa thiraki zodutsa pa boda ya Mchinji kupita ku Lusaka mpaka ku Joni. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ng'ombe ya pangolo inawamenya theche pakamwa n'kuwagulula mano anayi akutsogolo. Kuyambira pamenepo anazolowera kuseka dzanja lili pakamwa, ndiponso kusekako kunali kwa apo ndi apo. Tinakwatirana mu 1994. Chaka chomwe dziko lonse linkayankhula zakukhosi, ine ndinapeza mwamuna wosatsegula pakamwa.

Chithunzi cha ukwati wathu anajambula ndi Vitus, mnyamata wa ku Chipata yemwe ankazungulira misika pa njinga kamera ili m'khosi. Lamulo lake linali limodzi: "Imani njo, tsekani pakamwa, osaphethira." Masiku amenewo kuseka pa chithunzi chinali chibwana. Munthu wamkulu ankaima ngati akumuwerengera mlandu, ndipo amuna anga lamulo limeneli linawakomera kwambiri.

Ankakhala pakhomo sabata imodzi, pamsewu masabata asanu. Mu 1996 tinadalitsidwa ndi mwana wamkazi, tinamutcha Mwai. Wina sanabwerenso.

2

A Kefasi ankamukonda Mwai mochititsa nsanje. Akafika kuchokera ku ulendo ankayamba kufunsa za iye asanavule nsapato. Mavuto anayamba mwanayu atakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, mano aubwana ataguluka, enieni atamera. Anamera oyera, aakulu, ndi kampata pakati.

Mlamu wanga Zelifa, mlongo wawo wa a Kefasi, anabwera tsiku lina ndi mtedza wa m'munda mwake. Zelifa ndi munthu woti akakupatsa mtedza amakhala wabwera ndi china.

"Tabwera kuno, Mwai. Taseka ndione," anatero. Mwana anaseka. Zelifa anamugwira chibwano n'kumutembenuza uku ndi uku ngati akugula mbuzi. "Mlamu, kampata aka n'kochokera kuti? Kwa a Ngwenya kulibe. Kwanu ndinakaonako pa maliro paja, anthu ankalira kukamwa kuli yasa, sindinaone ngakhale mmodzi."

"Agogo anga aakazi anali nako," ndinayankha.

"Omwe anamwalira tisanawaone aja?"

"Omwewo."

"Anthu akufa amathandizadi," anatero Zelifa akukutumula chitenje.

Nkhani inayenda kuchokera kwa Mlonyeni, kudutsa pa chigayo, mpaka inakalowa m'kalasi. Masana ena Mwai anabwera kuchokera kusukulu maso atatupa. Bambo ake anali pakhonde akupukuta nyali ya thiraki.

"Ababa, anzanga akuti inu si ababa anga. Akuti mano anga ndi a munthu wina."

Ine ndinali pakhomo ndi beseni la zovala. A Kefasi sanandiyang'ane. Anamunyamula mwanayo, ngakhale anali atakula, n'kumukhazika pamwendo. Anakhala choncho, dzanja lili pakamwa.

Zelifa ndiye sanakhale chete. Ananena pamaso panga kuti ng'ombe za malemu bambo awo sizinapite kwathu kukalowola mwana wa mwini. Anauza ankhoswe a mbali zonse kuti tikakolola tidzakhale pansi, ndipo ngati zinthu sizimveka, ine ndi Mwai tidzabwerere ku Guilleme, mwanayo asiye dzina la Ngwenya. Zoti ndichotsedwe ine ndikanapirira. Chomwe chinkandisowetsa mtendere chinali Mwai, yemwe ankadzuka kuthamangira kumsewu akangomva thiraki ikulira.

3

Tisanakolole, mu Malichi 2004, thiraki ya amuna anga inataya mabuleki m'mapiri a ku Zambia. Anapulumuka, koma chiwongolero chinamaliza ntchito yomwe ng'ombe inayamba. Mano onse anatha, akumwamba ndi akumunsi omwe, nsagwada inasweka. Kampani yawo inali ya ku Joni ndipo inali ndi inshulansi, choncho anawatengera ku chipatala cha komweko.

Patatha miyezi itatu anandiitanitsa ku byulo ya telefoni pa Kamwendo. Amene munaimbapo pa byulo mukudziwa kuti chinsinsi panalibe. Mwini byulo ankamvetsera, odikira pamzere ankamvetsera, ngakhale mayi wogulitsa mandazi pakhomo ankasiya kuitana makasitomala.

"Make Mwai, andibowola nsagwada," anatero a Kefasi. Mawu ankatuluka ofewa ngati a khanda. "Andiika mabawuti achitsulo, anayi kumwamba, anayi kumunsi. Akuti tidikire fupa ligwire, kenako amangepo mano onse nthawi imodzi."

"Ngati aja a sisitere a ku mishoni, ogona m'kapu?"

"Ayi, awa sachoka. Amamanga ngati tayala. Akamanga amanga, ndidzapita nawo kumanda."

"Nanga chimanga chootcha?"

"Akuti ngakhale nzimbe. Koma tamvera. Dokotala akufuna chithunzi changa chakale chooneka mano, kuti opanga manowo atengerepo. Akuti munthu azibwerera kwawo ndi nkhope yake, osati ya m'sitolo."

Ndinaseka, ndipo pamzere ponse anaseka nane. "Bambo a Mwai, chithunzi chanu chooneka mano ndikachipeza kuti?"

"Funafuna basi. Chikasowa, ngakhale cha m'bale wanga wofanana nane. A Levi akunyamuka Lachisanu, uwapatsire."

A Levi anali dalaivala mnzawo. Limeneli linali Lachiwiri.

4

Ndinakhuthula zithunzi zonse za m'nyumba pa mphasa. Cha ukwati, pakamwa potseka. Cha ubatizo wa Mwai, potseka. China ataima pambali pa thiraki dzanja lili m'chiuno, potsekanso. Lachitatu ndinakwera njinga ya kabaza mpaka kwa Mlonyeni. Zelifa anatulutsa zawo zonse, ndipo mtundu wonse wa a Ngwenya unandiyang'ana milomo itafinyidwa ngati wamwa mankhwala a malungo.

Pondiperekeza Zelifa anati, "Mlamu, musaganize kuti ngoziyi yafafaniza nkhani ija. Achimwene akangofika, ankhoswe akhala pansi. Ndikufuna amuyang'ane mwanayo bwinobwino."

Lachinayi masana, Mwai ali kusukulu, ndinakhoma chitseko n'kutsitsa sutikesi yanga ya pa ukwati. Kuseri kwa nsalu ya m'kati mwake kunali chithunzi chimodzi chomwe ndinabisa kwa zaka zisanu ndi zinayi. Chinali chithunzi chokhacho m'nyumba monse cha munthu akuseka mano onse ali pamtunda. Anali ndani, musandifulumizitse, ndikuuzani.

Ndinatenga lezala n'kudula pakamwa pokha, kuyambira pansi pa mphuno kulekeza pachibwano. Zotsalazo ndinaponya pa mbaula. Kachidutswako ndinakanyenya m'mbali ndi chikhadabo, n'kukapaka dothi la pachulu kuti kaoneke kakale. Kenako ndinalemba kalata. Ndinati ndapeza chithunzi cha malemu bambo awo m'katundu wakale, koma chiswe chadya chonse, mwamwayi kwatsala pakamwa.

Ndikumata envulopu ija, ndisakunamizeni, ndinkadzimva kuti ndine wochenjera. Ndinkati mkazi wina wa ku Mchinji kuno sakanaganiza zimenezi. Ngati mwana sakufanana ndi bambo ake, ine ndinali nditapeza njira yoti bamboyo afanane ndi mwana.

A Levi analandira envulopu Lachisanu m'mawa n'kuiika m'thumba la malaya. Ndinawapatsanso mbatata yoti adye panjira.

5

A Kefasi anafika mu Seputembala. Zelifa sanataye nthawi. Tsiku lachiwiri lomwe anatulukira ndi amalume awo, omwe anali nkhoswe ya kuchimuna, ndipo nkhoswe yanga inabweranso kuchokera ku Guilleme. Anthu a pafupi anadzaza pabwalo, ati kudzazonda odwala. Amuna anga anali atangondipatsa moni wa pakamwa potseka chifikireni, choncho ngakhale ine ndinali ndisanaone chomwe ndinatumiza.

Amalume anayamba ndi chifuwa, monga amachitira akulu nkhani ikakhala yolemera. Asanafike pa mutu, a Kefasi anaitana mwana.

"Mwai, tabwera. Akuti ku Joni andikonza. Tiye tiwaonetse."

Anagwada, n'kugunditsa tsaya lawo ndi la mwanayo, ndipo anaseka. Dzanja silinakwere. Timipata tiwiri tinali pamenepo, kakang'ono ndi kakakulu, ngati tapangidwa ndi mmisiri mmodzi.

"Achimwene," anatero Zelifa, "kampatako n'kachiyani?"

"Dokotala anandijambula nsagwada ndi makina oona mafupa," anayankha a Kefasi mosathamanga. "Anaona momwe mizu inakhalira ng'ombe ija isanandimenye. Akuti ndinabadwa nako. Iwe sukukumbukira?"

Ng'ombe ikumenya mchimwene wake, Zelifa n'kuti ali ndi zaka zinayi. Anayang'ana amalume. Amalume, omwe sanafune kuti makina a ku Joni adziwe mphwawo kuposa iwo, anagwedeza mutu.

"Anali nakodi mwana ameneyu. Ndinkamuona ine akamakama ng'ombe."

"Inenso ndikukumbukirako pang'ono," anatero Zelifa.

Dzuwa lisanapendeke, aliyense wa kwa Mlonyeni anali atakumbukira. Mayi wina anakumbukira mpaka kuti ankalavulira malovu pakampatako ali kubusa. Mlandu unasanduka chionetsero. Wina anabweretsa nzimbe, a Kefasi anaisenda ndi mano anthu akuombera m'manja. Wina anafunsa ngati mabawutiwo sachita dzimbiri nyengo ya mvula. Mwai sanachoke pambali pa bambo ake, ankangoseka kuti aliyense aone.

Zelifa anandipeza kukhitchini n'kugwada. "Mlamu, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

Ndinamukhululukira mwaulemu wonse, ngati bishopu. Ndinamuuzanso kuti pena munthu aziyamba wafufuza asanayankhule.

Zinthu ziwiri zokha zinkandidabwitsa. Amuna anga sanatchule za chithunzi cha bambo awo, m'malo mwake anapeka za makina. Ndinati ndi khalidwe la madalaivala, nkhani saisiya yopanda mchere. Chachiwiri, munthu yemwe tsopano ankaseka pamsika, kutchalitchi ndi pa boda, tikatsala awiri m'nyumba dzanja linkabwerera pakamwa. Ndinati ndi chizolowezi, chidzatha.

6

Panapita zaka ziwiri. Loweruka lina m'mawa ndikuchapa jekete lawo, ndinatulutsa kachikwama komwe amasungira laisensi kuti kasanyowe. Kuseri kwa laisensiyo kunagwa kachidutswa kaja. Kanagwa chafufumimba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kumbuyo kwake.

Inu amene munalandirapo chithunzi kwa wokondedwa zaka zimenezo mukudziwa kuti sichinkabwera chopanda mawu kumbuyo. Ine podula ndinkangoyang'ana mano. Lezala inadutsa pakati pa mawu a inki yabuluu n'kusiya okwanira: "...sandiiwale, Filo. Wako Vitus. 1995."

Inde, anali Vitus wojambula uja. Munthu yemwe ankatseketsa pakamwa boma lonse la Mchinji, iye mwini ankaseka ngati walipidwa, kampata kali poyera. Amuna anga ali pamsewu, ankabwera kudzapereka zithunzi, ndipo zithunzi zake zinkachedwa kuperekeka. Zinatenga miyezi inayi. Nditamuuza kuti ndili ndi pakati, anakwera njinga yake kuoloka boda, ndipo sindinamuonenso mpaka lero. Mwai ndi mwana wake.

Ndinakhala pansi pomwepo, thovu la sopo lili m'manja. Ndi mmene anandipezera a Kefasi akuchokera kokagula mafuta a galimoto. Anayang'ana kachidutswako, anayang'ana ine, n'kukhala pa mpando wa pakhonde. Mwai anali ku kwaya ya ana.

"Munawerenga?" ndinafunsa.

"Dokotala ndi amene anakatembenuza. Anandifunsa kuti mawuwa akuti chiyani. Ndinamuuza kuti ndi dzina la bambo anga."

"Bambo a Mwai..."

"Bambo anga anamwalira mu 1979 osajambulidwapo. Ankati kamera imayamwa magazi. Ndiponso, make Mwai, ine ndakulira m'nyumba ya udzu. Chiswe sichidya molunjika ngati lezala."

Ndinalira. Ndinalira chifukwa cha manyazi, ndiponso chifukwa kwa zaka ziwiri ndinkayenda ndi munthu ameneyu kutchalitchi ndikudziona wochenjera.

"Nanga munaloleranji? Bwenzi mutakana."

"Anandipatsa masiku atatu oti ndiganize. Anandionetsa bokosi lodzaza mano a mitundu yonse, ena okongola kuposa awa. Anandichenjeza kawiri konse kuti akamanga, kumasula ndi ntchito ina. Masiku atatu onsewo ndinkafuna kukwera basi kudzakupitikitsa ndekha, Zelifa asanavutike. Koma ndikatseka maso ndinkamva mwana uja akuti, ababa, akuti inu si ababa anga. Anandifunsa ine, ndipo ndinalibe chomuyankha. Tsiku lachitatu ndinauza dokotala kuti mangani omwewa, ndipo mulimbitse."

"Ndiye mukundida?"

"Ndikanakuda bwenzi zili zophweka."

Ndinapukuta m'maso ndi chitenje. Panali funso limodzi lomwe linatsala, ndipo ndikanadziwa yankho lake sindikanafunsa.

"Nanga dzanjalo? Kunja mumaseka ndi aliyense. Bwanji kwa ine mumabisa?"

Anayang'ana kumsewu, komwe thiraki ina inkadutsa kulowera ku boda.

"Kunjaku manowa ndi a Mwai," anatero. "M'nyumbamu ndi a mnyamata uja. Sindifuna kuti ukandiyang'ana uziona iye."

Anatola kachidutswako, anakapukuta thovu, n'kukabwezera kuseri kwa laisensi. Anandiuza kuti Mwai asadzamve, ndipo nkhaniyi sitinaikambenso.

7

Owerenga anzanga, makamaka amayi, mwina mukudikira kuti ndikuuzeni kuti bodza sililipira. Ndikanakonda kutero, koma langa linalipira. Banja lilipo, Mwai ndi Ngwenya, ndipo Zelifa amandibweretsera mtedza wopanda china kumbuyo. Mwezi wathawu ndinamumva akuuza mlendo kuti kampata ndi chizindikiro cha mtundu wawo, ndipo akudandaula kuti ana ake sanatengere.

Chomwe sindinawerengere n'choti bodza langalo lidzafuna munthu wina wolisenza. Ine ndinangodula pepala ndi lezala. Wina anagona pa bedi la chipatala kudziko la eni, nsagwada yobowoledwa, n'kulola kuti amumangirire m'fupa kuseka kwa munthu amene anamulowera m'nyumba. Kusekako amakutsuka m'mawa uliwonse, amadyera komweko, amapempherera komweko, ndipo adzaikidwa nako m'manda. Musanadzitame kuti mwapusitsa munthu wofatsa, muyambe mwadzifunsa ngati sanangokusiyani dala chifukwa cha wina amene amamukonda kuposa inu.

Vitus sindinamukonde ngati mmene ndimawakondera a Kefasi lero, ndipo ichi ndiye chimandipweteka. Ndimalakalaka atandisekera ine tsiku limodzi lokha. Poyamba imene inandibisira kuseka kwawo inali ng'ombe, tsopano ndinadzibisira ndekha.

Dzulo masana anali pabwalo ndi Mwai akusenda nzimbe, akupikisana woti amalize msanga. Mwai anawanyenga, iwo anaseka mpaka misozi, mutu uli chagada. Ine ndinaima pawindo mwakachetechete kuti ndionereko. Ndinaonera mwina kwa mphindi imodzi. Kenako anatembenuka, maso athu anakumana, ndipo dzanja linakwera pakamwa.